Ulendo Wopanda Mpando Wobwerera

Ndege ya Lachitatu inanyamukanso osamutenga Marnie. Anaimvera ali mu ofesi yamalata ya pamgodi, makina oziziritsa mpweya akungolira osaziziritsa kanthu, fumbi lofiira la ku Pilbara, dera la migodi ku Australia, litalowa mpaka m'mabatani a kompyuta. Kampani yake inamutuma kuchokera kumzinda wa Perth kuti adzaone mmene pulogalamu yawo yokonza maulendo a antchito ikuyendera. Anamuuza kuti ndi za masiku ochepa. Tsopano sabata yachiwiri inkapita kumapeto, ndipo Loweruka linali tsiku la ukwati wa mchemwali wake.

Kubwalo la ndege ankamuyankha zomwezomwezo: dzina lilipo, chipinda chogona chilipo, koma mpando wobwerera palibe. Ndipo kumeneko munthu sangonyamuka n'kumapita. Msewu ndi wa mgodi, galimoto ndi za mgodi, ndege nayo ndi ya mgodi.

Anatsegula pulogalamuyo. Inalembedwa mwa njira imene amaitcha kuti builder. M'malo mokhuthulira zonse za ulendo pakamodzi, umaumanga pang'onopang'ono: mzere uwu ukuika dzina, winawo chipinda, wina ndege yopitira, wina yobwerera. Ukatha umalamula kuti umangidwe, ulendo n'kutuluka wathunthu, wosasinthikanso. Ubwino wake ndi woti zosafunika umangozidumpha. Marnie ankaikonda njirayi kuyambira ali ku koleji, pamene anatopa ndi kupanikiza zinthu zambirimbiri pamzere umodzi n'kumasokoneza choyamba ndi chotsiriza.

Sanachedwe kuliona vuto. Ukadumpha dzina, pulogalamu imakana kumanga. Ukadumpha chipinda, imakananso. Koma ukadumpha ndege yobwerera imangomanga mwakachetechete, munthu n'kupita osabwerako. Marnie anaseka chamumtima. Wina anaiwala kutseka mpatawo, kalaliki wina wothamangira nkhomaliro n'kudumpha mzere, iye n'kumapsa kuno.

Kukonza kwake kunali kosavuta: timizere tochepa tokaniza ulendo uliwonse wopanda ndege yobwerera. Koma kuofesi kwawo palibe chosintha chimene chinkalowa woyang'anira asanavomere. Woyang'anirayo anali Fergus, yemwe analemba chigawo chimenecho kalekale, munthu woti ukamuonetsa cholakwa amayamba kukamba za nyengo. Marnie anamutumizira timizereto, iye anakana. Marnie anatumizanso, atafotokoza mofatsa ngati akuphunzitsa mwana. Fergus anakananso, osalemba chifukwa.

Marnie anamuimbira foni.

"A Fergus, mwayamba kumakana musanawerenge n'komwe?"

"Ndawerenga, Marns. Walemba bwino kwambiri. Kukutentha uko?"

"Za nyengo tizisiye, bwana. Mwana wanuyu, pulogalamuyi, ali ndi chilema. Ine sindiuza munthu. Ingovomerezani, mundiikire mpando pandege ya Lachisanu."

"Nkhani yake si imeneyo."

"Ndiye ndi iti? Yoti wakonza ndi mwana wa dzulodzuloli? Lembanipo dzina lanu ngati mukufuna, ine changa ndi ndege basi. Achemwali anga akakwatiwa ine kulibe, ndi pamaliro anga pomwe sadzafika."

Pafonipo, kumbuyo kwa Fergus kunkamveka makina a khofi a kuofesi, ndi kuseka kwa munthu amene Marnie sanamuzindikire mawu. Marnie anapukuta thukuta ndi mkono wa malaya, n'kudikira. Ankadziwa kuti munthu wamkulu savomera msanga kuti walakwa.

"Mpata umenewo ndinausiya dala," anatero Fergus pomaliza. "Si onse amabwerera. Amene kampani yawakhazika pamgodi sitiwaikira mpando wobwerera. Timizere takoto tikanawakana onsewo."

"Chabwino, amenewo ndawamva. Nanga ulendo wanga anaudumphira mzerewo ndani?"

"Ndine. Amgodi anapempha munthu wathu wokhala konko, akuluakulu n'kusankha iwe. Ndimayesa anakuuza kale."