Mawu Owongolera Antena

Mpira unali utayamba kale, koma TV ya Ossufo ku Chiuaula inkangolemba "Sem sinal", osaonetsa chithunzi. Anazimitsa dikoda, nauzira zingwe, koma ayi ndithu. Akung'ung'udza, anakwera padenga mumdima, chisanu cha Juni chikumuluma zala.

"Nafissa, zikaoneka undiuze!" anakuwa akupotoza antena.

"Kumanja pang'ono, bambo a Cheila!" anayankha mawu a mkazi wake m'nyumbamo. "Mwapitirira! Bwererani!"

"Aaa! Kodi ndigona pamalata pano?"

"Basi, pomwepo!"

Apo geti linalira. Ossufo posuzumira pansi, anaona Nafissa akulowa atabereka Cheila, akuchokera kogula buledi.

"Mukukangana ndi ndani kumwambako?" anafunsa Nafissa.

M'nyumbamo mawu aja anaseka pang'ono.

"Zikuoneka bwino tsopano," anatero mawuwo. "Tsikani mudzaone."