Mwaye wa Kamfuti ka a Arthur

Mayi Ireen atafika kunyumba kwawo ku Mpingwe kuchokera kuchipatala masanawo, anapunthwa pa nsapato zamatope za amuna awo pakhomo. Sanakalipe. Maso awo anali atagwera kale patebulo.

A Arthur anali atamasula kamfuti kawo kam'thumba, zidutswa ataziyala pa nyuzipepala. Pambali panali mswachi wakale, kabotolo ka mafuta a makina osokera ndi zipolopolo zazing'ono ngati mtedza. Kuyambira pamene anapuma ntchito ya ulonda ku Limbe, kamfutiko kankangogona m'sutikesi.

Chifukwa chake mayiwo ankachidziwa. Dzulo lake Macdonald, mkamwini wawo wa ku Nkolokosa, anamenya mwana wawo Tawonga ndi simbi yositira. Anamuthyola nsagwada, namupondaponda m'nthiti mpaka kusanza magazi. Munthu woti anabwera kudzafunsira mbeta atagwada! A Arthur atamuona mwanayo pabedi sanalire. Anangoti, "Galu ameneyu ndimupha."

A Arthur analowetsa kansalu mumpope wa mfuti ndi kawaya. Kanatuluka kali bii. Anasintha kena.

Mayi Ireen anagwidwa ndi mantha. Anakiya chitseko, kiyi n'kumuponya m'bulauzi. Kenaka analumphira patebulo kuti atole zipolopolo, koma a Arthur anawagwira dzanja n'kulipotokola mpaka zinagwa pansi. Mayiwo anawaluma pamkono, magazi n'kuoneka. Bambowo sanasunthe n'komwe.

"Bambo a Tawonga, mwana ali gone kuchipatala, inu mukufuna mukafere kundende? Nditsala ndi ndani ine? Za Macdonald asiyireni apolisi."

"Khalani pansi, mayi."

"Sindikhala. Mukafuna kutuluka muyambe mwaombera ine."

A Arthur anatsuka tizitsulo ndi mswachi, nadontheza mafuta pang'ono, n'kubwezera chilichonse m'malo mwake. M'chipindamo munkamveka kafungo ka machesi opsa.

"Lumbirani kuti simupita ku Nkolokosa," anatero mayiwo ataima pachitseko.

"Ndikulumbira pali Mulungu, sindipitako."

Pa zaka zonse za banja lawo, a Arthur anali asanalumbirepo zabodza. Mayi Ireen anapumira m'mwamba, nakhala pampando. Anathokoza Mulungu chamumtima kuti anafika nthawi yabwino. Kenaka anayamba kutola tinsalu takudato kuti akataye, mwaye n'kuwadetsa zala.

"Nanga ngati simupita, mfutiyi mumaipukutiranji?" anafunsa.

A Arthur anakulunga kamfutiko m'nsalu yoyera, nayang'ana nsapato zawo zija pakhomo.

"Mwaiwala kodi, mayi a Tawonga? Mfuti sitipukuta popita. Timapukuta pobwera, mwaye usanadye mpope."