Goloboyi wa Malita Mazana Anayi

"Takugulitsa," anatero kochi, maso ali pafoni.

Goloboyi anasiya kumanga zingwe za nsapato. "Ndalama zingati, akochi?"

"Ndalama zake ziti? Malita mazana anayi a petulo. Mwini timu yako yatsopano ali ndi malo omwetsera mafuta, pomwe minibasi yathu yatha mwezi osasuntha."

Anafika kunyumba nkhope ili yakugwa. Mkazi wake atamva, anaseka mpaka misozi.

"Bambo a mwana, mukudandaula chiyani? Mafuta akukwera sabata iliyonse. Inunso muzikwera nawo mtengo muli chigonere!"

Mawuwo anamukhalira bwino. M'mawa anakwera njinga yake yamoto chifuwa chili patsogolo, ulendo wokamwetsa kwa bwana wake watsopano.

"Thirani malita awiri, achimwene. Ndine goloboyi wanu uja."

Wothira mafuta anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Kani ndi inu? Pepani, thanki yauma. Otsala onse tagulira inuyo."

Akukankha njinga pamtunda, thukuta lili kamukamu, minibasi ya timu yake yakale inamudutsa ikuliza hutala, anzake akumubayibitsa pawindo.