Masamba Pamsewu wa ku Ndunde

"Chepetsa liwiro, pali masamba pamsewu apo," anatero a Job, dalaivala wamkulu amene ankamuyesa ntchito.

Lackson Mulipa anaponda buleki. Unali ulendo wake woyamba pa thiraki, ndipo anadzera dala kwawo ku Ndunde. Paja bambo ake ankati iyeyu ngakhale wilibala angaigwetsere m'dzenje, ndiye Lackson ankafuna bambowo amuone pachiwongolero.

"Maliro ali kwa ndani, mayi?" a Job anafunsa mayi wina wosenza nkhuni.

"Kwa a Mulipa. Atisiya m'mawa uno. Mwana wawo foni sikupezeka."

Lackson anakhotera pakhomo pawo, naimika chithiraki chija bwinobwino, osaponda ngakhale nkhuku. Mudzi wonse unaona, kupatula munthu mmodzi.