Kogona N'kwaulere

Mayi wina, telala, anayala mapu pa tebulo lodulirapo nsalu, n'kuwapanikiza ndi sizasi mbali iyi, simbi mbali inayo. Ndi choko cha ntchito yake anazunguliza matauni atatu ang'onoang'ono a m'mphepete mwa nyanja. Masiku anayi, mafuta a thanki imodzi ndi theka, mazira owiritsa, buledi ndi fulasiki ya tiyi. Ulendo wonse unathera pamenepo.

Mwamuna wake anali pa chikuku pafupi ndi zenera, thaulo lili pachifuwa. Kwa zaka makumi awiri ndi zitatu anayendetsa lole yogawa sopo m'magolosale a mumsewu womwewo, kunyamuka Lolemba, kubwera Lachisanu. Tsopano chinali chaka chachitatu chimugwetsereni sitiroko. Mbali ya kumanja inafa, mawu anapita nayo. Anatsala ndi maso ndi dzanja limodzi.

Kumusambitsa, kumutembenuza, kumusintha matewera, zonse zinali pamutu pa mkaziyo. Makasitomala anatha mmodzimmodzi, poti diresi la ukwati silidikira wodwala. Ena ankanong'onezana kuti nsalu zawo zikubwera ndi fungo la m'chipatala. Pa mashini awiri osokera, amodzi anagulitsa. Mwezi wapitawo dokotala anamugwira msana n'kumuuza mosabisa kuti akapitiriza kunyamula munthu, m'nyumbamo mukhala zikuku ziwiri.

Chitseko chinatseguka popanda odi. Anali mlamu wake, mlongo wa wodwalayo, amene ankabwera Loweruka lililonse ndi nthochi zinayi ndi malangizo odzaza dengu. Beseni losambitsira mchimwene wake anali asanaligwirepo.

"Ndamva kuti mukufuna kuwazunguza achimwene ndi ulendo," anatero akukhala pansi. "Ndalama zake zagwa kuchokera kuti, alamu? Paja mumalira kuti za mankhwala sizikwana."

"Sizifunika zambiri. Galimoto ndiyendetsa ndekha, chakudya tinyamula cha kuno. Kogona n'kwaulere."

"Kwaulere masiku ano?"

"Achimwene anu anali munthu wa anthu. Njira yonseyo ali ndi owadziwa."

Telala anakokera chikuku kufupi ndi tebulo kuti mwamunayo aone bwino. Anaika chala pa mapu n'kuyamba kutchula mataunio mokweza, imodziimodzi, ngati akuphunzitsa mwana. Yoyamba, ya pamlatho wachitsulo. Yachiwiri, ya msika wa nsomba. Yachitatu, kumene kumathera phula. Pa dzina lililonse dzanja lamoyo lija linkamenya chitsulo cha chikuku. Pofika pa lachitatu, misozi inali itatsikira m'thaulo.

Mlamu uja anafewa nkhope.

"Taonani, akukumbukira. Achimwene, mukaionanso nyanja yanu. Mkazi ngati uyu simukanamupeza kwina, ngakhale mukanayenda ndi nyali masana."

Telala anali atayamba kale kulongedza. Zovala za mwamunayo zinadzaza masutikesi awiri, mpaka jekete la nyengo yozizira ndi nsapato zimene anali asanavale chigwereni. Pamwamba anaika pulasitiki yoyala pabedi, ndowa ndi kabokosi ka mapiritsi. Pa kabokosipo anamatapo pepala la zilembo zikuluzikulu: loyera m'mawa atadya, awiri ofiira madzulo, muziwatembenuza pakapita maola atatu. Za telalayo zonse zinakwana m'kachikwama ka m'manja.

"Masiku anayi okha, katundu yenseyu?"

"Wodwala sachepa katundu."

"Nanga pepalali? Mungaiwale inu, mutachita zimenezi zaka zitatu?"

"Mutu watopa, alamu."

Anameta mwamuna wake ndevu mosamala, osamucheka ngakhale pang'ono. Anamuveka malaya oyera ositidwa, n'kumuthira kotsala ka perefyumu amene ankadzola m'masiku a lole. Mwamunayo ankangoponya maso uku ndi uku, kukhosi kukutuluka kaphokoso kake kaja kopanda mawu.

"Chimwemwe chawakwana," anatero mlongo wake. "Akuoneka ngati mkwati."

Galimoto yakale inali pakhomo penipeni, mphuno italoza kumsewu. Kwa nthawi yoyamba mlamu uja anathandiza kunyamula. Anagwira miyendo yokha, koma pofika pa mpando wakutsogolo anali akupuma ngati wakwera phiri. Anayang'ana telala, kenako msana wake wopindikawo. Anapisa m'chikwama n'kutulutsa kandalama kopindapinda.

"Mukagule zakumwa panjira."

Apo dzanja la mchimwene wake linamugwira pamkono. Linagwira zolimba, zikhadabo mpaka kulowa m'khungu. Maso anali tong'o.

"Iii achimwene, musandilirire. Lachitatu lomweli mwabwera." Anamasula zalazo chimodzichimodzi, n'kuika dzanjalo pamwendo pa mwini wake, n'kutseka chitseko.

Telala anapinda chikuku, anachiponya m'buti pamwamba pa masutikesi, n'kukhala pa chiwongolero. Mlamu anazungulira n'kuwerama pa zenera lake.

"Koma okulandiraniwo ndi ndani, alamu? Anthu otere ngofunika kuwathokoza."

Telala analiza injini, n'kukonza galasi loonera kumbuyo.

"Akazi awo amseri atatu, tauni iliyonse wake, ana asanu ndi mmodzi onse pamodzi. Foni ya achimwene anu ndakhala ndikuisunga ndine zaka zonsezi. Aliyense ndamulembera kuti adalaivala akubwera ndi penshoni yonse, ndipo amene athamangire kudzatsegula chitseko cha galimotoyi, katundu ndi wake."