Lachinayi la a Elias

Bryson Mtambalika sanadzutse n'komwe mutu pamene a Elias ankapempha tsiku. Tsiku! Munthu kulowa mu ofesi ya mwini kampani m'mawa wa Lachiwiri, makina ochapira akulindima kuseri kwa khoma, n'kumati Lachinayi sabwera kuntchito. Lachinayi lomwelo limene hotela yatsopano ya m'tauni inkadikira mashiti ndi matawelo ake oyamba.

"Mwana akumaliza maphunziro ku yunivesite, bwana," anatero a Elias. "Mwambo wake ndi 11 koloko ku Hillhead."

Bryson anaseka cha m'mphuno. Mwana wake uti? Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi mkuluyu akuyendetsa vani ya kampani muno mu Govan, kutsidya kwa nyanja kuno, ndipo aliyense ankadziwa kuti amakhala yekha m'kachipinda ka lendi. Mkazi anamwalira kalekale ku Mzuzu, mwana panalibe ngakhale mmodzi. Lero wabereka wa digiri?

Bodza lake linali losapsa. Edmond, mnzake wakale pabizinesi, anali atatsegula kampani yake yochapa ku Dennistoun, ndipo anali atamubera kale antchito atatu. Wachinayi ndi uyu waima apayu, akufuna tsiku loti akaonekere kwa bwana watsopano.

Amalawi anzakewa ankamutopetsa zedi. Lero maliro, mawa chinkhoswe, mkuja mwana watentha thupi. Munthu kuwoloka nyanja kudzagwira ntchito, mtima uli paphwando. N'chifukwa chake amakalambira m'nyumba za eni. Iye anayamba ndi makina amodzi ogula kwa munthu, lero anthu makumi atatu ankadya chifukwa cha iye. Kutchalitchi abambo anzake ankamupempha kuti awaphunzitse kuyendetsa bizinesi ndi banja nthawi imodzi, ndipo ankawauza mosapsatira kuti nkhani yake ndi kugawa ntchito basi. Ana ake sanagonepo ndi njala, sanachedwepo kusukulu. Misonkhano ya makolo, kwa dokotala wa mano, masewera a Loweruka pamvula, konseko ankatumako munthu. Ndipo wotumidwayo anali a Elias omwewa: kantchito kofewa, kukhala pampando kumvetsera aphunzitsi, malipiro osadulidwa. Kuthokoza kwake ndi kumeneku.

Foni inanjenjemera patebulo. Inali ya kunyumba. Anaitembenuza, za kunyumba zimadikira.

"Madala, tisanamizane," anatero. "Edmond wakulonjezani chiyani?"

"Sindinalankhulepo naye, bwana."

Bryson anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Jekete yothothoka m'zigongono, imvi mbuu, manja kumbuyo ngati mwana wasukulu pamaso pa ahedi. Anamunyansa. Munthu wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi limodzi, wopanda nyumba, wopanda galimoto, wopanda ngakhale luso lonama. Edmond adzamugwiritsa ntchito miyezi iwiri n'kumutaya, kenako adzabwera pomwe pano chipewa chili m'manja.

"Mvetserani bwino, chifukwa sindibwereza. Lachinayi vani ikunyamuka pano 9 koloko. Mukapanda kukhala pachiwongolero, Lachisanu musadzavutike n'kudzuka. Ndipo ngati mwatsimikiza kale, makiyi musiye pano lero lomwe."

Anabwerera pakompyuta yake. Mawu amenewa anali atawanenapo kwa anthu ambiri, ndipo onse ankameza malovu n'kubwerera kuntchito. Anadikira kuti amve chitseko chikutsekedwa.

Chimene anamva ndi makiyi akugwera patebulo.

"Ntchitoyi ndikuifuna, bwana, Mulungu akudziwa," anatero a Elias. "Pa msinkhu wangawu ina sindingaipeze. Koma mwanayo ndinamulonjeza, ndipo ndipita."

Apa ndiye Bryson anapsa mtima. Kunama n'kwina, koma kuumirira bodza mpaka kutchula Mulungu?

"Mwana, mwana! Chabwino, tioneni umboni. Kumwambo kumeneko salowa chisawawa, amapereka makadi. Lanu lili kuti?"

Dzanja la a Elias linapita pathumba la jekete, n'kuima pomwepo.

"Ndikanakonda musalione, bwana."

"Ehee! Ndinanena ine!" Bryson anamenya tebulo, chisangalalo chitamugwira. "Mulibe! Pitani kwa Edmond wanuyo, mukamuuze kuti watola zotsala."

A Elias anapuma mozama. Anatulutsa envulopu yoyera, n'kuipereka ndi manja awiri. Bryson anaitsomphola, akumwetulira kale. M'katimo munali khadi lolimba, chidindo cha yunivesite chili pamwamba, tsiku ndi nthawi zili momwe mkuluyu ananenera. Maso ake anatsikira pa dzina la womaliza maphunziroyo, ndipo kumwetulira kuja kunauma.

Linali la Tadala Mtambalika, mwana wake woyamba.

"Amapereka awiri okha, bwana," anatero a Elias chapansipansi. "Lina atenga mayi ake. Ili Tadala anati ndi la bambo, ndiye wapatsa ine."