Nkhanga ya Kuseri kwa Khitchini

Chibwerere lamulo loti makoma onse akhale oyera kuti makina owuluka aziona bwino mudzi, amayi anasiya kujambula nyumba zawo ndi dothi.

Mwatitha anakhala kunja zaka makumi atatu. Anaona zithunzi zotchuka m'nyumba zikuluzikulu, koma mtima wake sunagunde ngakhale kamodzi. Unadzagunda kwawo konkuno, kuseri kwa khitchini, pomwe mkulu wake Esinta anajambula nkhanga ndi chala, thupi la dothi lofiira, mawanga a phulusa. Inkaoneka ngati yamva mapazi a munthu, yatsala pang'ono kuthawa.

"Achemwali, munaphunzira kuti zimenezi?"

"Kwa amayi, iwe uli kalikiliki ndi mabuku ako. Tenga njereza, makina adutsa masana ano."

"Tiisiye lero lokha."

"Tiisiye? Akatitsekera mjigo, udzamwa nkhangayo?"

Mwatitha ananyika burashi. Anayambira kumchira, pang'onopang'ono, kuti diso likhale lomaliza. Atafika pakhosi dzanja linakana.

Esinta anamulanda burashi ija. "Ukuchedwa, mwana wa amayi."

Anapaka kamodzi kokha, n'kupita kukasamba m'manja osatembenuka.